Bambo Wozembera Kutsidya kwa Dambo

Panali bambo wina, dzina sinditchula chifukwa abale ake mumawadziwa. Anakulira kumudzi ngati ife tomwe, nthawi ija tinkapita kusukulu wapansi titadya chinangwa, pobwerera n'kumatola masuku m'njira. Atakula anatsegula golosale. Zinamuyendera, mpaka anagula galimoto.

Mkazi wake anali wokonda ulemu. Analumbira kuti masamba sadzalowanso m'nyumba mwake. M'mawa mazira okazinga ndi tiyi wa shuga wambiri, masana nyama yonona, madzulo tchipisi ndi zakumwa za m'botolo. Tchalitchi chinali pafupi zedi, koma ankapitako pagalimoto. Bambo uja ananenepa, anthu n'kumati, "Koma ndiye akusamalidwa!"

Kenako miyendo inayamba kutupa, mutu kuwawa, kuyenda pang'ono befu. Kuchipatala anamuuza mosabisa kuti magazi akuthamanga kwambiri ndipo shuga wakwera. Akapanda kusintha kadyedwe ndi kuyamba kuyenda, moyo wake sufika patali.

Atamuuza mkazi wake, mayiyo anati, "Bambo, mukufuna anthu aziti tagwa? Ine ndiziphika bonongwe ngati ndilibe mwamuna?"

Kuyambira pamenepo, kukangocha bamboyo ankasiya galimoto, ulendo wapansi kutsidya kwa dambo. Kumeneko kunkakhala mayi wina wamasiye, yemwe pa unyamata wawo anthu ankati akwatirana ndi bamboyo. Eee! Nkhani inafika pachitsime, inafika kuchigayo, inalowa mpaka m'kwaya. Pakutha pa miyezi mimba ya bambo inaphwa, nkhope inasalala, akuyenda akuimba mluzu. Anthu anati basi, umboni wina ngwachiyani?

Tsiku lina mkaziyo anamanga chitenje m'chiuno, natenga anzake awiri kuti akhale mboni. Njira yakutsidya sidutsa galimoto. Pomwe ankamaliza chitunda anali atapumula kangapo, thukuta lili kamukamu, mtima ukugunda mpaka m'makutu.

Anawapeza ndithu, koma osati m'nyumba. Bambo anali kudimba atapinda buluku, akutunga madzi othirira mpiru. Wamasiye uja anali pansi pa mtengo wa mango ndi zidzukulu zake, akupakula nkhwani wotendera, nyemba ndi mbatata yophika.

"Ndiye zimenezi?" anafunsa mkaziyo, mawu akudukaduka.

"Ndi zimenezi, mayi," anayankha bamboyo. "Ine ndimawathirira dimba, iwo amandipatsa ndiwo zomwe amayi anga ankaphika. Ndinakupemphani, munakana."

Mkaziyo anakhala pansi padothi pomwepo. "Chikanakhala chibwenzi bwenzi ndikuthamangira kwa ankhoswe," anatero. "Nanga nkhwani ndikausumire kwa yani?"

Mboni zija zinaseka mpaka misozi. Wamasiye sanaseke. Anabweretsa madzi osamba m'manja ndi mbale ya nkhwani nati, "Idyani kaye, achemwali, mukulephera ndi kupuma komwe. Zokangana pambuyo."

Mkaziyo anayang'ana mbaleyo nthawi yaitali. Fungo la nsinjiro linamufikitsa pakhonde la kwawo, pomwe ali mtsikana ankasinja mtedza ndi abale ake akuimba, thupi lili lopepuka, kutha kuthamangitsa mbuzi mpaka kuigwira. Anavula nsapato zake zazitali, nasamba m'manja, nadya. Anamaliza mbale yonse, n'kukombeza ndi chala. Ponyamuka anapempha nthanga za maungu, nazimanga pansonga ya chitenje. Anatsika chitunda chija limodzi ndi mwamuna wake, nsapato zili m'manja.

Amayi anzanga, zakudya zimenezi n'zomwe zinatilera. Makolo athu ankadya zomwezi, akuyenda mitunda, ndipo ankakalamba khasu lili m'manja. Lero ife tikuchita nazo manyazi. Munthu amene mumamukonda musamuphe ndi mafuta pofuna kuoneka bwino kwa anthu. Bzalani maungu kuseri kwa nyumba, chepetsani shuga, ndipo pomwe miyendo ingafike, yendani. Ngati chikukuletsani ndi pakamwa pathupa, dziwani kuti ife sititopa. Mukadya masamba tidzalankhula, mukawakana tidzalankhulabe, koma ulendo umenewo tidzakhala tikulankhulira pamaliro.