Thandizo la a Khang pa Mikate ya Chaka Chatsopano

Kalekale ndithu, kutsidya kwa nyanja zamchere, ku dziko la Viyetinamu kumene amalima mpunga m'madzi ofika m'mawondo, kunali mayi wina dzina lake Tham. Amuna ake anali a Khang.

A Khang sankamwa mowa. Sankamenya mkazi. Ulesi analibe. Ukuti nanga vuto linali pati? Dikira, ndikuuza. Vuto lawo linali kuthandiza.

Munthu ameneyu ankathandiza, iwe! Ukayanika mpunga, iwo abwera kudzauwaza madzi, ati ungapse ndi dzuwa. Ukamangirira mbuzi, iwo akaimasula, ati yatopa ndi chingwe. Ukawafunsa, yankho linali limodzi: "Ndimati ndithandize." Ndipo ankanena ndi nkhope yosalakwa, yoti ukawakalipira woipa umakhala iweyo. Anthu otere amatopetsa kuposa mbava. Mbava umaithamangitsa, nanga wothandiza umutani?

Tsono ku dziko limenelo, chaka chikamatha kumakhala chikondwerero chachikulu chotchedwa Teti. Amati masiku amenewo akufa amabwerera kwawo kudzadya ndi ana awo. Nyumba iliyonse imakonza tebulo la makolo. Amaikapo zipatso, tambala wowiritsa wathunthu, anyezi woviika m'madzi amchere, lubani ali tolotolo. Koma chachikulu pa zonsezi ndi mkate wa mpunga umene eni ake amati banichungu. Ukasowa umenewo, zina zonsezo n'zachabe.

Mkate wake si wamasewera. Mpunga womata pansi, mphodza pamwamba pake, pakati penipeni nyama ya nkhumba yamafuta, kenako mpunga winanso wotsekera. Amakulunga m'masamba monga timachitira mikate yathu ya nthochi, koma wawo umakhala wa ngodya zinayi, womanga ndi luzi la nsungwi. Akatero amauwiritsa kuyambira m'bandakucha mpaka dzuwa kulowa.

M'nyumba imeneyi wophika mikateyo anali mayi Sen, amayi awo a Khang, apongozi ake a Tham. Mudzi wonse unkatama dzanja lawo. Koma chaka chimenecho mayi Sen anali atatsikira kulichete. Ndiye kuti pa Teti ameneyu kanali koyamba kuti abwere ngati mlendo, kudzadya za m'manja mwa mpongozi wawo.

Mpunga womata nawo unali dengu limodzi lokha, poti madzi osefukira anali atakokolola munda. Dengu limodzi, mphika umodzi. Ukalakwitsa, palibe kubwereza.

Tham mtima unali m'mwamba. "Amayi aja anandilandira ngati mwana wobala okha," ankatero mumtima. "Ayende ulendo wonsewo, adzabwerere ndi njala m'nyumba mwawo momwe? Ine ndili moyo, ayi."

Tsiku lokulunga linafika. Tham anatsuka masamba, n'kuwayala pamthunzi. Anangotembenuka pang'ono kuti atsuke mphodza. Pobwerera, masamba ali padzuwa, auma gwa, ukapinda angothetheka.

"Bambo, masambawa wasuntha ndani?"

"Ndine. Ndimati ndithandize, aume msanga."

 Tham anatenga mpeni, anapita kukadula ena.

Pobwera ndi masamba atsopano anapeza nyama ili mbee, yopanda ndi kafuta komwe. Galu wagona pakhomo, akunyambita milomo.

"Bambo, mafuta a nyamayi ali kuti?"

"Ndachotsa. Ndimati ndithandize, amayi sangadye zonona chonchija."

"Zikomo kwambiri, bambo," anatero galu.

Wamva? Mafutawo ndiwo amasungunuka n'kulowerera mumpunga, ndiwo mkatewo! Tham anamanga nsalu m'chiuno, anapita kwa mnansi kukapempha mafuta, mutu uli pansi.

Anakulunga. Anamanga. Mikate khumi ndi iwiri, ngodya zili chilili, yokongola. Anapita kukatunga madzi. Pobwera, luzi lonse lili lendelende.

"Bambo!"

"Unamanga kwambiri, mayi. Ndimati ndithandize, mpunga uzipumako."

Tham anayang'ana kumwamba. Anayang'ana pansi. Anakhala, n'kumanganso mikate yonse khumi ndi iwiri, osalankhula ndi liwu limodzi lomwe. Ndikanakhala ine, bwenzi mudzi wonse utamva.

M'mawa mwake, tambala atangolira, Tham anasanja mikate mumphika waukulu, anathira madzi, anakoleza moto. Pambali pake anatereka kamphika kena ka madzi okhaokha. Chifukwa lamulo la mikate imeneyi ndi ili: madzi akamaphwa, umawonjezera otentha. Ukathira ozizira, mpunga umadzidzimuka. Kunja umapsa, m'kati umakhala wauwisi, ndipo ngakhale usonkhezere nkhuni za nkhalango yonse supsanso.

Panatsala ntchito ina. Akufa sabwera osaitanidwa. Pamafunika wina apite kumanda, akalambule, akayatse lubani, akawauze kuti kunyumba kwakonzedwa. Tham anaona kuti mpata ndi womwewu.

"Bambo, pitani mukaitane amayi. Musafulumire ayi."

A Khang ananyamula khasu, ulendo. Dzuwa lisanafike pamutu, awo abwera, thukuta lili kamukamu, akumwetulira.

"Mwawaitana?"

"Iii, mayi, manda oyandikana nawo aja udzu wake! Ndinamva chisoni. Ndalambula onsewo, lubani ndayatsa pomwepo."

"Nanga a amayi?"

A Khang anakanda m'mutu.

Ha! Mwana wobadwa m'mimba mwawo, kukaitana akufa a eni ake, amayi ake osawaitana! Tham anaona kuti akawatumanso akaitana manda onse kupatula amodzi ofunikawo. Anayenera kupita yekha. Anawagwira dzanja amuna ake, anawakhazika pafupi ndi moto.

"Bambo, mverani. Madzi akaphwa, thirani a m'kamphika aka. Otentha. Otentha okha. Ozizira ayi. Tanenani."

"Otentha okha. Ozizira ayi."

"China chilichonse musakhudze."

"Pita, mayi, usade nkhawa."

Tham anapita, koma akucheukacheuka.

A Khang anakhala. Anakhala. Manja anayamba kuyabwa. Anayang'ana kamphika kaja, madzi akungobwata opanda ntchito. Anayang'ana tambala akupalasa pabwalo.

"Mkazi wanga watopa," anatero. "Ndimusosolere tambalayu."

"Tsiku langa ndi mawa, bambo!" anakuwa tambala.

Koma ndani anamva? Tambala anaphedwa, anamizidwa m'madzi otentha aja, anasosoledwa. Madzi otsala anawakhuthulira kudzala pamodzi ndi nthenga. Kamphika kanatsala kukamwa yasa.

Posakhalitsa mphika waukulu unayamba kulira mwachilendo. A Khang anavundukula. Madzi aphwa, mikate yapamwamba ili pamtunda. Anathamangira kuchitsime, anabwera ndi ndowa yodzaza.

Pafupi pomwepo panali njati yawo yolimira, poti kumeneko njati amaweta ngati ng'ombe, ikubzikula pamthunzi. Njatiyo inkawadziwa bwino a Khang. Tsiku lina anaitsuka matope onse a pamsana, ntchentche n'kuiluma sabata yathunthu.

"Bambo, musathire amenewo," inatero njati.

"Mikate ikupserera."

"Atenthetseni kaye. Moto ndi uwo, kamphika ndi ako."

"Iwe umadya udzu wosaphika. Za mphika ukuzidziwira kuti?"

Khuthu! Mphika umene unkabwata unangoti zii. A Khang anasonkhezera nkhuni, unabwatanso. "Waona?" anatero. Njati inatembenuka, n'kuwalozetsa mchira.

Tham anabwera dzuwa litapendeka, mapazi ali fumbi lokhalokha. Anaona tambala wososola ali m'mbale. Anaona kamphika kouma. Anaona ndowa pafupi ndi mafuwa. 

"Bambo, mwathira madzi ati?"

"Madzi basi, mayi."

"A m'chitsime?"

"Pang'ono pokha."

"Kangati?"

"Katatu kokha. Ndimati..."

"Musamalize. Ndakupemphani, musamalize."

Komabe munthu sataya mtima msanga. Dzuwa litalowa Tham anavuula mikate, anaitsuka, anaisanja pansi pa thabwa, n'kutsamiza mwala kuti madzi akhe. Mwina, ankatero. Mwina yapansi yapsa.

Tsiku lotsiriza la chaka linafika. Masana Tham anakonza tebulo la makolo. Anaika zipatso. Anaika anyezi. Anaika tambala uja. Kenako anamasula mkate woyamba. Kumeneko mkate umenewu sadula ndi mpeni, amadula ndi luzi lake lomwe. Luzi linalowa m'mbali bwinobwino. Litafika pakati, linakana.

Anamasula wachiwiri. Linakana. Wachitatu. Linakana. Mpaka wa khumi ndi chiwiri, m'kati monse mpunga uli gwa ngati mchenga.

Tham sanakalipe. Mphamvu zokalipira zinali zitatha. Anadula ngodya zokhazokha, poti ndizo zinapsa, anaziunjika m'mbale, tizidutswa tomvetsa manyazi. Anaika patebulo, anayatsa lubani, anagwada. Misozi ili chuchuchu.

"Amayi, takulandirani kwanu. Munandiphunzitsa zonse, koma ine ndalephera. Chakudya chanu ndi ichi. Mundikhululukire."

Taona mkaziyu, mpaka kusenza mlandu wa mwini wake! A Khang anatsokomola kumbuyo, anatsegula pakamwa.

"Amayi, inetu ndimati..."

"Khala chete, Khang."

Mawuwo anachokera mu utsi wa lubani. Anali a mayi Sen enieni, ndi kupsa mtima kwawo komwe.

"Tham, mwana wanga, dzutsa mutu. Ndani anamusiya ameneyu pafupi ndi mphika?"

"Ndine, amayi. Ndinapita kukakuitanani."

Utsi unapendama ngati munthu wousa moyo.

"Wolakwa ndine. Ndinakuphunzitsa kuviika mpunga. Ndinakuphunzitsa mchere. Ndinakuphunzitsa kumanga luzi. Chimodzi chokha sindinakuuze, ndinkachita nacho manyazi poti ndi mwana wanga. Takumbukira, masiku ophika mikate, Khang ankakhala kuti?"

Tham anaganiza. "Munkawatuma kuseri kwa phiri, kukathyola nthambi ya maluwa a pichesi. Ankatha masiku atatu."

"Nanga mapichesi a m'mudzi muno sachita maluwa?"

Tham anacheuka, n'kuyang'ana amuna ake.

"Zaka makumi atatu ndakhala ndikumutuma kuphiri kumeneko," anatero mayi Sen. "Mikate imene mudzi wonse unkatama ija, chinsinsi chake n'chomwecho. Panalibenso china."

A Khang mawu anatuluka ang'onoang'ono. "Amayi, nanga munkati maluwa a kuphiri ndiwo okoma m'maso mwa makolo?"

"Ndinkanama, mwana wanga. Mtima wako ndi wabwino, koma manja akowo ndinawalephera."

Kenako mbale ija inagwedera pang'ono. Kangodya kamodzi kanasowa. Kachiwiri kanasowa. Tham akungoyang'ana. Tingodya tonse tinasowa, mbale inayera.

"Mchere wake ndi womwewo," anatero mayi Sen. "Mafuta alowerera bwino. Dzanja ili ndi langa ndithu. Ndakhuta, mwana wanga, ndakhuta kwathu."

Tham analira, koma kulira kwina tsopano.

A Khang anayang'ana manja awo. Kenako anachita chinthu chimene sanachitepo chibadwire. Anafunsa.

"Mayi, tsono ndichite chiyani?"

"Khalani pansi," anatero Tham. "Mikate yotsalayi ndidula mopyapyala, ndikazinga. Inu mukhale pompo. Manjawo muwakhalire."

Ndipo anawakhaliradi, munthu wamkulu wandevu, mpaka chakudya chinafika.

Ndiye wamva. Ukaona mnzako ali pa ntchito yake, manja ako n'kuyamba kuyabwa, yamba wafunsa. Akati khala pansi, khala pansi, kumenekonso n'kuthandiza. Ndipo ife akuluakulu tisamasankhe zophunzitsa ana. Tizinena ndi zochititsa manyazi zomwe tikadali ndi mpweya, chifukwa si tonse tidzapatsidwe mwayi wobwera kudzalankhulira mu utsi.

Ine nthano yanga ndaitula, yathera pomwepa.