Mmero wa Nang'omba

Nkhwali anali atasenza mtolo wachisanu ndi chiwiri wa mapira, thukuta lili kamukamu, pamene mlamu wake Nang'omba anamuimira pakati pa njira. Inali nyengo yokolola, ndipo mbalame za m'dambo la Kanyimbi zinalibe nthawi ngakhale yodzikanda. Nkhwali ndi mlamu wakeyo ankakondana ndithu, koma panali chinthu chimodzi chimene sankamvana: kaperekedwe ka uthenga.

Dambolo linali lalitali, minda yotalikirana. Munda uliwonse unali ndi chulu, ndipo aliyense akakhala ndi mawu ankakwera pachulu chake n'kuuza woyandikana naye yekha, iyeyo n'kuuza wotsatira. Motero uthenga unkachoka kumtunda kwa Timba, kudutsa kwa Njiwa, kwa Nkhwali, kwa Nkhanga, mpaka kumunsi. Anayambitsa zimenezi ndi Nkhwali yemweyo, ndipo lamulo lake linali limodzi: mawu ako afike pachulu cha mnzako, athere pomwepo.

Poyamba Njiwa ankavuta, chifukwa ankayankhula motsitsa kwambiri. "Achemwali, kodi mukuuza nyerere?" ankatero Nkhwali. "Kwezaniko pang'ono, ine ndili kuno!" Njiwa anakweza pang'ono, zinthu n'kuyenda. Kumtunda ankatha kubwerekana lichero pomwe kumunsi akuitanirana kumowa, popanda wosokoneza mnzake.

"Alamu," anatero Nang'omba tsiku limenelo, "m'mawa uno nkhani ya mchere yadutsa pakamwa pasanu. Pakamwa pasanu, mchere wa kachikho kamodzi! Ine kungotsegula kukamwa kamodzi, dambo lonse lamva."

"Nanga akafuna kukuyankhani?" anafunsa Nkhwali osatula mtolo. "Kammero ka Timba n'kochepa ngati kaudzu. Adzakufikirani bwanji?"

"Ayankhenso chiyani? Ine ndikanena, ndanena."

"Chabwino. Patukani ndidutse, mtolowu si nthenga."

M'mawa mwake Nang'omba anasiya munda wake ndi nkhokwe yake kumtunda, pafupi ndi kwa Timba, n'kudzakwera chulu chachikulu cha pakati pa dambo. Anakoka mpweya, n'kufuula kuti, "Mwadzuka bwanji nonse!" Masamba anagwedezeka, ana a Nkhanga anathawira m'mapiko mwa amayi awo. Mbalame zinaseka, zina n'kumuombera m'manja, ndipo kuombera m'manjako ndiye kunamuwononga.

Kuyambira pamenepo sanatsekenso pakamwa. Analengeza kuti wagona bwino. Analengeza kuti dzuwa latuluka, ngati ena analibe maso. Analengeza kuti mpeni wake wodulira mapira wasowa, ndipo anafotokoza chigwiriro chake, msinkhu wake, ndi amalume ake amene anamusiyira mpeniwo.

Tsopano ena akafuna kuuzana kanthu, ankayenera kukuwa kuti apose Nang'omba. Nkhanga akakweza mawu, wa kumunsi kwake ankakwezanso kuti apose Nkhanga. Dambo lonse linasanduka msika, aliyense akukuwa, palibe womva. Nkhwali anaitanitsa chingwe chomangira mitolo m'mawa, mpaka dzuwa kupendeka chingwe osabwera, ndipo anamanga ndi luzi uku akung'ung'udza.

"Alamu, tsikani mudzakolole!" anamukuwira madzulo. "Mapira sadulidwa ndi mawu!"

"Nsanje, alamu, nsanje!" anayankha Nang'omba, ndipo yankholo linamveka dambo lonse.

Tsiku lachitatu masana, osaka mbewa anatentha tchire kumtunda n'kuchoka. Nkhwali sanadziwe kanthu, anali chiweramire kudula mapira. Ataweramuka kuti awongole msana, anaona Njiwa ali pachulu chake, akukupiza mapiko, mlomo ukutseguka n'kutsekeka. Koma chimene chinkalowa m'makutu mwake ndi nkhani ya mpeni wa amalume basi.

Nkhwali anaponya mapira pansi n'kuthamanga. Anadumpha mizere, anapyola zitsotso, mpaka anafika kwa Njiwa ali wefuwefu.

"Moto, achemwali!" anatero Njiwa, mawu atasasa. "Timba wandiuza kalekale. Ukulunjika ku nkhokwe ya a Nang'omba. Ndakuitanani mpaka kukhosi kwauma!"

Nkhwali anabwerera liwiro lomwelo n'kukwera chulu chachikulu. Anapeza mlamu wake atatsinzina, khosi lili m'mwamba, akufuulabe. Anamuitana kawiri, osamva. Ndiye anamujompha pamwendo, osati pang'ono.

"Mayo! Alamu, mwapenga?"

"Wopenga ndi uyo akulira mpeni nkhokwe ikupsa! Tayang'anani kumtunda!"

Nang'omba anatsegula maso n'kuona utsi. "Musadandaule," anatero, "ndiitana dambo lonse kamodzi n'kamodzi." Anakoka mpweya wonse, khosi n'kufufuma, anatsegula kukamwa. Kunatuluka kamphepo chabe. Anayesanso, kunangomveka kuti "hm". Mawu a masiku ambiri anali atawamwaza m'masiku atatu, ndipo pa tsiku limene anafunikadi, munalibe kanthu m'mmeromo.

Apo dambo linati zii. Mbalame zonse zinasiya kukuwa, zikudabwa kuti chachitika n'chiyani. Nkhwali sanataye nthawi. Anatembenukira kuchulu cha Nkhanga n'kunena ndi mawu ake a masiku onse kuti, "Mayi Nkhanga, moto kumtunda. Aliyense abwere ndi nthambi yaiwisi. Uzani wotsatira."

Nkhanga anamva bwinobwino, n'kuuza wotsatira. Mawuwo anatsika chulu ndi chulu mpaka kumunsi, ndipo yankho linakwera njira yomweyo: "Tikubwera!" Posakhalitsa mbalame zinali mbwee kumtunda, zikupuntha moto ndi nthambi, zina zikulambula udzu kuzungulira nkhokwe. Ya Timba inapulumuka, ya Njiwa inapulumuka, ndi zonse za kumunsi.

Ya Nang'omba yokha ndiyo inali itagwa kale. Mapira a chaka chatha, ndi ochepa amene anakolola asanayambe ntchito yofuula, onse anali phulusa. Pamene Nang'omba ankatokosa m'phulusamo, anapeza mpeni uja, chigwiriro chitapsa. Anali atausomeka yekha kudenga la nkhokwe.

"Alamu, si uwo mpeni wa amalume?" anatero Nkhwali. "Kwerani pachulu mulengeze kuti wapezeka."

Mbalame zinaseka mpaka kugwira nthiti. Nang'omba anafuna kuyankha, koma anangoti "hm, hm". Nkhwali anamupatsa lichero limodzi la mapira, Njiwa theka, Timba kachikho, n'kubwerera aliyense kumunda kwake, chifukwa ntchito inali ikadalipo.

Mmero wa Nang'omba unatupa n'kufiira, ndipo sunaphwenso. Mawu ake aakulu aja sanabwerere. Mpaka lero mukamuona amayenda pang'onopang'ono m'lupsa, mutu uli pansi, kufunafuna mapira ake amene anapsa, uku akuguguda kuti "hm, hm, hm".

Phunziro: Yankhula mofika kwa amene akufunika kumva, osapitirira pamenepo. Wonong'ona amadula uthenga panjira, koma wokuwa amatseka makutu a anzake ndi ake omwe, ndipo tsiku la moto mawu amakhala atamuthera.