Holo Yosungidwira Alendo

Panali munthu wina amene ankayang'anira zamasewera pa yunivesite ina yaing'ono ya mpingo, imene inamangidwa m'mbali mwa phiri. Inali yaing'ono ndithu, moti wophunzira akadwala chimfine m'mawa, pofika masana aliyense amakhala atamuzonda kale.

Munthuyu anaphunzira pomwepo ali mnyamata. Masiku amenewo holo kunalibe. Mpira wa basiketi ndi wa ntchemberembaye ankasewerera pa bwalo la fumbi kuseri kwa khitchini, ndipo mvula ikangoyamba, masewera ankayamba aima. Ophunzira a m'badwo wake atatopa ndi matope, anagwirizana zomanga holo ndi manja awo. Anaponda dothi, anaumba njerwa, anawotcha uvuni. Ena ankatunga madzi kudambo, ena ankapatsirana njerwa ataima pamzere. Mpingo unathandiza malata ndi simenti. Chomalizira chinali pansi pake. Anayala mitanda, n'kukhomapo matabwa a paini opalidwa bwino, kenako n'kupaka vanishi. Munthu wathuyu anakhoma nawo misomali mpaka manja anachita matuza.

M'chigawo chonsecho munalibe holo ina yotero. Zaka zoyambirira inkadzaza mpaka pakhomo. Magulu a m'makoleji ena ankabwera kudzapikisana, ochemerera ankaimba ng'oma ndi kuponda pansi mpaka malata kunjenjemera. Mayeso ankalembera momwemo, kwaya inkaphunzirira momwemo, ndipo maukwati angapo anadyedwera momwemo. Atamaliza maphunziro, munthu uja anamulemba ntchito pa sukulu yomweyo, ndipo makiyi a holo anaperekedwa m'manja mwake.

Patapita zaka, matabwa aja anakalikakalika. Akuluakulu a sukulu anaitana amisiri, amene anapalanso matabwawo, n'kupaka vanishi watsopano. Pansi panawala moti munthu ankatha kuona nkhope yake. Koma sabata yoyamba yomweyo, wosewera wina analowa ndi nsapato imene inali ndi kamwala kunsi, nasiya mzere wautali pakati pa holo. Munthu uja ataona mzerewo mtima unamupweteka kwambiri. Tsiku limenelo sanadye.

Ndiye anayamba malamulo. Poyamba anati nsapato zoyendera panja zisalowe. Palibe anadandaula, poti linali lamulo lanzeru. Kenako anati kwaya ndi maukwati zipeze malo ena. Kenako anati zokonzekera mpira zizichitikira panja, m'holo muzichitika mipikisano yokha. Pamapeto pake anati ngakhale mipikisanoyo si yonse yoyenera kuchitikiramo. Holo izitsegulidwa kukabwera alendo olemekezeka basi.

Musamudabwe munthuyu, abale ndi alongo, pakuti khalidwe limeneli mukulidziwa. Ndani pano alibe mbale zagalasi m'kabati, zimene chizigulireni sizinaonepo ndiwo? Ana a m'nyumba akudyera m'mbale zapulasitiki zong'aluka, zabwinozo zikudikira mlendo amene sananene n'komwe tsiku lobwera.

Ndipo sanali munthu waulesi ayi. M'mawa uliwonse ankatsegula kachitseko kam'mbali, kuvula nsapato, n'kuyenda ndi sokosi m'mphepetemphepete mwa khoma, akupukuta matabwa ndi chikolopa cha mtengo wautali kuti asapondepo pakati. Mawindo anawatseka kuti fumbi lisalowe. Anamatamo makatoni kuti dzuwa lisafwifwitse vanishi. Holo imene inkamveka phokoso mpaka kumsewu inakhala zii, mdima ndi fungo la polishi. Ophunzira atsopano ankabwera, kuphunzira, kumaliza, osaona m'kati mwake. Ena ankaganiza kuti ndi mosungiramo chimanga.

Chaka china akuluakulu a sukulu analengeza kuti kudzakhala chikondwerero chokumbukira kumangidwa kwa holoyo. Kudzabwera atsogoleri a mpingo ndi ophunzira akale, aja anaumba njerwa aja. Pa tsikulo timu ya atsikana idzasewera ntchemberembaye ndi timu ya koleji ina. Munthu uja anakondwa. Anati mumtima mwake, anzanga adzaona kuti chimene tinamanga ndachisunga, chili monga tinachisiyira.

Koma inali nyengo ya dzinja, ndipo mvula ya chaka chimenecho inali yosakata. Bwalo la kuseri kwa khitchini linasanduka dambo. Tsiku lina masana, mtsogoleri wa timu ya atsikana anabwera ku ofesi yake, atanyowa, matope mpaka m'mawondo. Chinali chaka chake chomaliza pa sukulupo. Anaima pakhomo, anaweramitsa mutu mwaulemu, nati:

"Bambo, anzanga awiri abinya miyendo poterereka. Tiloleniko tizikonzekerera m'holo. Tidzavula nsapato, tidzakolopa tokha."

Munthu uja anamuyang'ana mtsikanayo ndipo anadzikumbukira yekha ali mnyamata, ataima m'matope omwewo, kuseri kwa khitchini komweko. Anadziwa bwino lomwe kuti holoyo anaimangira mvula ngati imeneyi ndi ana ngati ameneyu. Dzanja lake linalowa m'thumba mmene munali makiyi. Koma maso ake anatsikira pansi, naona madzi ofiira akudontha kuchoka pa siketi ya mtsikanayo n'kumayenderera pa simenti. Anaganiza za alendo aja. Anaganiza za vanishi.

"Pirirani pang'ono, mwanawe," anatero. "Mudzalowa pa tsiku lake. Holo ija si ya masiku onse."

Mtsikanayo anathokoza, monga mwa mwambo, nabwerera ku mvula.

Tsiku lija linafika. Magalimoto anadzaza pa sukulu. Anzake akale anabwera, ena ndi imvi, ena ndi ndodo. Munthu uja anavala suti, nachotsa makatoni m'mawindo, natsegula chitseko chachikulu chimene chinalira chifukwa cha dzimbiri. Kuwala kutalowa, alendo onse anagwira pakamwa. Pansi pankanyezimira ngati madzi. Mnzake wina amene anakhoma naye misomali anamugwira paphewa.

"Achimwene, mwasunga. Ngati tamanga dzulo!"

Pomulemekeza, anamupempha kuti iyeyo ndiye aponye mpira woyamba. Alendo anaima m'mbali mwa khoma, atsikana aja anandanda pakhomo atavala yunifolomu. Iye anayenda yekha kupita pakati pa holo, pamene sanapondepo kwa zaka zambiri. Anagunditsa mpira pansi kuti ubwerere m'manja mwake monga ankachitira kale. Mpira sunabwerere. Unangolira kuti phu, n'kugubuduka pang'ono, n'kuima. Anaponda phazi kutsogolo kuti autole, ndipo mwendo wake unalowa pansi mpaka m'bondo.

Anthu anathamanga kudzamuzula, koma pamene aliyense ankaponda pankabooka. Atakanganula thabwa limodzi, anapeza kuti si thabwanso. Linali khungu chabe la vanishi, kunsi kwake kuli dothi lofiira ndi chiswe chikuyendayenda. Mitanda yonse inali itadyedwa, kuyambira pakhomo mpaka kukhoma lakumapeto.

Munthu uja sanafune wina womufotokozera. Iye anali wampira, ndipo ankadziwa. Holo ikamaseweredwa, thabwa limodzi likayamba kudyedwa, mpira umalira mosiyana pamenepo. Osewera amaima n'kunena kuti apa pafa, mmisiri amabwera, amazula thabwalo, amathira mankhwala, masewera n'kupitirira. Mawindo akamatsegulidwa mphepo imaumitsa pansi. Koma iye anatseka mawindo, anathamangitsa mapazi, analetsa mpira. Chiswe anachipatsa mdima, chinyontho ndi bata, ndipo tsiku lililonse ankachipukutira denga.

Mpikisano uja unachitikira panja, m'matope. Alendo anaonerera atafunda maambulera. Atsikana aja anamaliza sukulu osasewerapo m'holo ngakhale kamodzi. Munthu uja anakhala pa khonde, buluku litang'ambika, ndipo analira. Anthu ankayesa kuti akulira mwendo.

Abale ndi alongo, tanthauzo lake ndi ili. Holo ija ndi chimene Mulungu anaika m'manja mwanu: chikhulupiriro chanu, mphatso yanu, nyumba yanu, mtima wanu. Sanakupatseni kuti muzipukuta. Anakupatsani kuti anthu alowemo, ndipo anthu amalowa ndi matope. Mukakonda munthu adzakukandani. Mukatsegula khomo adzakusiyirani mizere. Mukatumikira mu mpingo adzakunenani. Zimenezo n'zoona, ine sindikukanirani. Koma mzere wa pamwamba umapalidwa n'kutha. Choopsa ndi chimene chimadya munthu kunsi iye akuwala pamwamba: kudzikuza, kuuma mtima, kuzizira kwa chikondi. Zimenezi zimakula pamene palibe wopondapo. Mkhristu amene amakhala pakati pa anzake, akayamba kufa penapake, anzakewo amamva kulira kwake n'kumuuza kusanachedwe. Koma amene anadzitsekera kuti asadetsedwe sadziwa kanthu mpaka tsiku limene adzafune kuimirira pa chikhulupiriro chake, n'kupeza kuti palibe choimapo.

Alipo wina sabata ino amene adzaime pakhomo panu atanyowa. Musadzamuuze kuti adikire tsiku lake. Tsiku lake ndi limenelo.