Kakanema ka Felesiya ndi Mjigo wa kwa Chimbalame

Ana inu, khalani pansi, ndipo mafoniwo muyambe mwabisa m'thumba. Mumafuna mukangodina chithunzi chibwere pompo, chikachedwa pang'ono mwayamba kale kung'ung'udza. Lero ndikuuzani kumene kunachokera mwambi wa maso a nkhono. Ena adzakuuzani kuti mwambiwu ngwakale kuposa magetsi. Asiyeni, iwowo sanaone. Ine ndinaona ndi maso angawa pamene ndinkaphunzitsa sitandade faifi kwa Chimbalame.

M'mudzimo munali mkamwini wina dzina lake Lufeyo, munthu waluso m'manja koma waphuma. Tsiku lina mjigo wa m'mudzi unayamba kutulutsa madzi modontheza. Anthu anati tidikire amisiri a mijigo, iye anati, "Kamphira ka pansi kokokera madzi kakutha komweka tidikire mwezi wathunthu?" Anamasula mutu wa mjigo nayamba kusolola ndodo zachitsulo zimene zimatsika mpaka pamadzi. Atasolola zitatu, manja ali thukuta lokhalokha, zotsalazo zinamupulumuka. Tinangomva kuti phuvu, pansi penipeni.

Mjigo unali umodzi womwewo, ndipo linali dzinja. Amayi anabwerera kudambo kukatunga madzi ofiira opondamo ng'ombe. Sabata isanathe ana anayamba kutsegula m'mimba. M'mawa uliwonse Lufeyo ankaponya mbedza ya waya m'dzenjemo, koma dzenje la mjigo ndi lopapatiza ndiponso lakuya, diso silifika. Ankangovuula matope.

Mwini mbumba anali a Kachigamba, malume ake a Felesiya, mkazi wa Lufeyo. Sanali munthu wankhanza ayi, koma mwana wawo wotsiriza anali atagonekedwa kuchipatala chifukwa cha madzi omwewo. Lachinayi anaitana Lufeyo.

"Akamwini," anatero, "tinakupatsani malo kuti mutimangire mudzi, osati mutikumbire manda. Loweruka dzuwa likalowa zitsulo zija zisanatuluke, mupinde mphasa yanu muzipita kwanu. Mkazi ndi mwana wanu Yamiko ngathu, atsala."

Lachisanu m'mawa Lufeyo ndi Felesiya anapita kumsika kwa a Chimwaza, mkulu wokonza mawailesi. A Chimwaza atamva nkhaniyo anatulutsa kakamera kakang'ono ngati chala chamanthu, kokhala ndi timagetsi take, komwe anachotsa kumbuyo kwa galimoto ina yowonongeka.

"Aka tikakamata m'kabotolo n'kukamangirira pamwamba pa mbedza, katsika n'kuona," anatero. "Koma zimene kaona kamazitumiza pawaya wa pulagi yachikasu iyi. Pafunika kanema woyendera batire, wokhala ndi polowetsa pulagiyi. Ine ndilibe."

Felesiya anamasula kamtolo komwe anabereka. Munali kakanema kakang'ono ka chogwirira pamwamba, kosaonetsa mitundu, komwe malemu bambo ake anabwera nako kuchokera ku Joni. Pa zonse za bambo ake n'kokhako kanatsala m'manja mwake. A Chimwaza anakatembenuza uku ndi uku.

"Mayi, aka kamadziwa eriyo yokha, polowetsa pulagi palibe. Ndingathe kukaboolera khomo, koma ndiyenera kudula njira yochokera kumasiteshoni. Ndikadula, sikadzakuonetsaninso nkhani kapena kwaya mpaka kalekale."

Felesiya anakayang'ana kanthawi, maso ali jegwejegwe. Kenaka anati, "Siteshoni sinandilimirepo munda. Dulani, bambo."

A Chimwaza atangotsegula chikuto, Lufeyo anali atatambasula kale dzanja kuti aloze. Mkulu uja anamuwomba padzanjapo.

"Iwe! Ukufuna tikunyamule pamachira? Kanema ngakhale wazimitsidwa amasunga moto."

Anamangirira waya kusikuludalaiva, mbali ina kuchitsulo cha m'kati, nailowetsa pansi pa kamphira ka kumsana kwa galasi. Panamveka kuti tcha! Lufeyo anabweza dzanja lake n'kulibisa m'khwapa.

Ndiye mkuluyo anavala magalasi nayamba kulondola tinjira tamkuwa ta pabolodi la m'kati mwa kanemayo, toonda ngati ulusi. Ola linatha, lachiwiri linatha. Lufeyo ankangoima, kukhala, kuimanso.

"Bambo, ingodulani apo, nthawi ikutha!"

"Tinjira iti tikufanana," anayankha a Chimwaza osadzutsa mutu. "Kena nka mawu, kena nka chithunzi, kena nka moto. Ndikadula kolakwika, kanema wafa, banja lako lafera pomwepo. Ndidule?"

Lufeyo anapukusa mutu nakhala pansi. Dzuwa litapendeka mkuluyo anatenga lezala nadula malo amodzi okha. Anawotcherera waya ndi chitsulo chotenthetsa pambaula, naboola kabowo kumbali, naikapo polowetsa pulagi. Atalumikiza kakamera ndi batire, pagalasi panatuluka mphuno ya Lufeyo, yaikulu ngati mbatata. Felesiya anaseka koyamba m'sabata imeneyo.

"Mverani zinthu ziwiri," anatero a Chimwaza powatsazika. "Batire iyi njokalamba, ikupatsani theka la ola basi. Ikamafooka muona chithunzi chikufota. Chachiwiri, mjigo uja musaukhudze mpaka nthawi yotsitsa kamera. Madzi agone, matope akhale pansi."

Kodi mukuganiza kuti Lufeyo anamva? Aaa, phuma ndi matenda, ana inu. Loweruka kutangocha, mkazi wake akusesa, anazemba ndi mbedza yake. Ankati mwina mwayi umugwera, abweze ulemu wake popanda kanema. Anavundula, anavundula, nabwerako chimanjamanja, osauza munthu.

Chakumasana mudzi wonse unasonkhana pamjigo. Ine ndinaima kumbuyo kwa a Kachigamba. Felesiya anakhala pansi, kakanema kali pamiyendo, Lufeyo akutsitsa waya. Poyamba tinaona khoma la paipi likudutsa bwinobwino. Kamera itangolowa m'madzi, galasi lonse linangoti mbuu, ngati nkhungu ya m'mawa.

"Ndi zimenezi mwationongera nazo tsiku?" anatero mayi wina.

Lufeyo anayamba kugwedeza waya, kukweza, kutsitsa, kuzunguza. Mbuu uja anangokulirakulira. Kenaka m'mbali mwa galasi munayamba kuda, chithunzi chikufota. Felesiya anazula waya kubatire.

"Bambo a Yamiko, munabwera kuno m'mawa?"

Lufeyo anazyolika. Anthu anayamba kung'ung'udza, ena kutukwana. Mtima wanga unagunda, chifukwa ndinkamukonda mnyamatayo ngakhale anali wosamva. Iye anagwiranso waya uja nati, "Ndisiyeni ndingoyesa mwakhungu, nthawi yatha kale."

Felesiya anamugwira pamkono. Pasimenti ya mjigo, pachinyontho, pankayenda nkhono. Anatola kaudzu naikhudza, nkhono ija n'kulowa m'chigoba.

"Maso ake ali pati?" anafunsa.

"Yabisa."

"Igogodeni kuti iwatulutse."

"Ikabisiratu."

"Ndiye mangirirani wayayo pachitsulo apo, mukhale pansi, manja muike pamaondo. Mukaukhudzanso, mphasa ija ndikupindirani ndine."

Lufeyo anakhala pansi. Sipanapite nthawi yaitali nkhono ija inasuzumira, n'kutulutsa tinyanga take, timaso tili kunsonga. Lufeyo anati adzuke, mkazi wake anati, "Nkhono yatulutsa, koma madzi sanagone."

Ana inu, sindinaonepo masana aatali ngati amenewo. Anthu ambiri anatopa n'kumapita. A Kachigamba anakhala pamwala akungoyang'ana dzuwa. Mthunzi wa mjigo unatalika mpaka kufika pamapazi awo. Lufeyo milomo inauma gwa, koma waya sanaukhudze. Dzuwa litatsamira pamitengo ya kumanda, a Kachigamba anaimirira nakung'untha fumbi kuthalauza.

"Mwana wa mlongo wanga, zakanika. Tiyeni."

"Malume, dzuwa likadalipo," anatero Felesiya, nalumikiza batire.

Chithunzi chinabwera chofota, chaching'ono ngati bokosi la machesi. Koma chinali choyera. Apo, chitatsamira kukhoma la paipi, panali chitsulo chija, kamphete ka kumutu kwake kakuoneka bwinobwino, mbedza ili pambali pang'ono chabe. Masiku onse aja Lufeyo ankangoilambalala.

"Pang'onopang'ono," ananong'ona Felesiya. "Potozani kumanzere. Basi. Tsitsani chala chimodzi. Imani!"

Munthu waphuma uja ankasuntha waya ngati akuchotsa chitsotso m'diso la mwana. Tinaona nsonga ya mbedza ikukhudza kamphete, n'kuterereka. Wina anabuula. Anabwezanso, anapotoza, nsonga n'kulowa. Nthawi yomweyo galasi linangoti bii, batire yatha.

Palibe anapuma. Lufeyo anakoka pang'ono, waya n'kuuma.

"Kwalemera," anatero. "Malume, kwalemera!"

Woyamba kugwira waya kumbuyo kwake anali a Kachigamba. Ine ndinagwira wachitatu, mpaka manja anga anachekeka. Chitsulo choyamba chitatulukira, chamatope, nthungululu inamveka mpaka kudambo. A Kachigamba anapukuta manja, osamuyang'ana mkamwini wawo kumaso, nati, "Mphasa ija ikhale pomwe ili."

Kuyambira tsiku limenelo, munthu akamachita phuma kwa Chimbalame ankamuuza mawu a Felesiya, ndipo anafalikira ponseponse: kuona maso a nkhono n'kudekha. Tanthauzo lake ndi ili. Pali zinthu zina zimene mphamvu sizitulutsa, ndipo ukamazikakamiza m'pamene zimabisala. Kudekha si ulesi. Felesiya anapereka chuma cha bambo ake, a Chimwaza anagwira ntchito tsiku lonse, koma chotsiriza chinali chovuta kuposa zonse: kukhala pansi mtima ukuwawa, n'kulola matope agone.

Kakanema kaja sikanagwirenso siteshoni. Kanakhala pakabati kwa Felesiya mpaka ukalamba wake, katafundidwa kansalu, ndipo amene ankakapukuta fumbi Loweruka lililonse anali Lufeyo.