Munthu Amene Sanatsine Khutu Achemwali Ake

Mumzinda wa Blantyre munali munthu wina amene anasankhidwa kukhala m'bodi ya kampani yoyenga mafuta ophikira. Kampaniyo sinali ya munthu mmodzi. Inali pa msika wa masheya, kumene aliyense amagula kagawo kake: aphunzitsi, ogulitsa nsalu ku Limbe, ngakhale ena a ife amene tinachoka kwathu kalekale ndipo mvula yakwathu timangoimvera pa foni. A bodi ndi anthu ochepa amene eni ake ambirimbiriwo amawatuma kuti aziwayang'anirira kampani.

Munthuyu anali ndi achemwali ake, a Felesiya. Ndiwo anamulera makolo atamwalira, ndiwo anamuphunzitsa sukulu. Anali namwino, ndipo atapuma ntchito, penshoni yawo yonse anagulira masheya a kampani yomweyo. "Kuli mwana wanga kumeneko," ankatero. Ankafuna kuti akadzagulitsa adzafolere malata nyumba yawo ya ku Njuli, imene inali itaima zipupa zokha.

Tsiku lina a bodi anauzidwa nkhani yoipa. Makina atsopano amene kampani inagula kunja anali atakanika kugwira ntchito, ndipo phindu la chaka chimenecho linali litapita. Zinali zodziwikiratu kuti anthu akamva, mtengo wa masheya ugwa. Koma pali lamulo. Wa m'bodi akadziwa chinthu chotere, sagula, sagulitsa, satsina munthu khutu, kufikira tsiku limene kampani ilengeze kwa onse nthawi imodzi.

Kulengezako kusanachitike, a Felesiya anabwera kudzacheza atanyamula nthochi. Atakhala pansi anati, "Achimwene, mmisiri akufunsa za malata. Ndigulitse pano, kapena ndidikire mvula ithe kuti mtengo ukwereko?"

Iye anati, "Achemwali, za kuntchito sindingayankhe."

Iwo anaseka. "Iii, abwana! Chabwino, musalankhule. Ngati ndi zogulitsa, mungotsokomola kamodzi. Ine ndi namwino, chifuwa ndimachimva."

Munthuyo anali ndi chimfine tsiku limenelo, kukhosi kukumuyabwa. Anadzuka, napita kuseri kwa nyumba, nakamwa madzi mpaka kukhosi kutakhala bata. Atabwerera anafunsa za kumudzi, za maliro, za mbuzi. Achemwali anapita akuganiza kuti zonse zili bwino, ndipo sanagulitse.

Kampani italengeza, mtengo unagwa. Zimene zikanafolera nyumba yonse sizikanakwanira ngakhale khonde. A Felesiya anabweranso, ulendo uno chimanjamanja, ndipo anakana mpando.

"Unkadziwa?"

"Ndinkadziwa."

"Iwe, ndinakubereka kumsana ine. Ndinagona ndi njala kuti upite ku sekondale."

Iye anayang'ana pansi, nati, "Achemwali, mukanagulitsa, wina akanagula. Akanagula ndi mayi ngati inu, wa penshoni ngati yanu, koma wopanda mchimwene m'bodi. Nyumba yanu ikanafoleredwa ndi malata ake."

A Felesiya anatuluka, ndipo mvula yonse ya chaka chimenecho sanamuyankhule. Masheya akenso a munthuyo anali atagwa, pakuti nayenso sanagulitse. Anagulitsa galimoto yake, nagula malata, nawatumiza ku Njuli. Malatawo anafika, anakhomedwa, koma zikomo sanabwere. Akaimba foni, inkangolira. Abale ena anayamba kunena kuti wadzikuza, kuti sukulu inamudya mtima. Iye sanadziteteze kwa aliyense.

Kenaka unafika msonkhano wa pachaka, umene eni masheya onse amakumana ndi a bodi, kuwafunsa mafunso ndi kuvota ngati apitirize. Holo inadzaza, anthu ali okwiya. Bambo wina anaima nafuula kuti, "Musatinamize! Inu a kutsogoloko munauza abale anu, anagulitsa msanga, ife n'kutsala ndi mapepala. Achoke onse!" Anthu anaomba m'manja. Munthu uja anakhalabe pampando wake, chifukwa kukana kwake ndani akanakukhulupirira?

Kumbuyo kwa holo kunaima mayi wachikulire. Anali a Felesiya.

"Uyo wa jekete yotuwayo ndi mchimwene wanga," anatero. "Ndinamulera ndine. Ndinapita kwake, ndinamufunsa maso ndi maso, sanandiuze. Ndataya monga mmene mwatayira inu, ndipo mtima ukundiwawabe. Za enawo sindikudziwa, afunseni. Koma ngati sanandiuze ine, sanauze munthu. Ameneyo musiyeni atiyang'anire zathu."

Povota, munthuyo anatsala m'bodi. Panja achemwali ake anamupeza, namuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato, nati, "Waonda. Loweruka ubwere ku Njuli, pakona pena pakudontha. Ubwere ndi hamala, osati tayi."

Abale anga, wina anafunsa Ambuye kuti, "Mnansi wanga ndani?" Ife timaganiza kuti mnansi ndi amene timamudziwa nkhope. Timakonda athu, ndipo n'koyenera kutero. Koma nthawi zambiri timawakonda ndi katundu wa munthu amene sitikumuona. Timalowetsa mphwathu ntchito, osafunsa amene wachotsedwa pamzere. Malemu akunyumba kwanga, tikapeza chinthu chotchipa modabwitsa pamsika, ankayamba afunsa kuti, "Nanga walira ndani?"

Munthu uja anaona mayi amene sanakumanepo naye, amene dzina lake sadzalidziwa, namutcha mnansi. Iye anathandiza mlongo wake ndi zake, osati ndi za mlendo. Mulungu akakuikani pamalo pamene mumadziwa zimene ena sadziwa, kaya ndi m'bodi, kaya ndi m'komiti ya mpingo uno, wakuikani pamenepo chifukwa cha onse. Amene mulibe m'chipindamo, amene alibe womulankhulira, nayenso ndi mwana wa Mulungu, ndipo Atate wake amakhala ali momwemo akumvetsera.