Kugawa Kumene Lonjezo Anaphunzira Pakhomo

Panali mayi wina amene ankakhala kutsidya kwa mtsinje, kutali ndi sukulu. Anali ndi mwana mmodzi wamkazi, dzina lake Lonjezo, ndipo mwanayo ankadwala mphumu. Kukangozizira pang'ono, chifuwa chinkamubanika. Mayiyo anati, "Mwana wanga sangamawoloke madzi m'mamawa. Ndimuphunzitsa ndekha pakhomo pano mpaka atalimba." M'nyumba momwemo munkakhalanso Ndaziona, mwana wa malemu mlamu wake, wa msinkhu umodzi ndi Lonjezo. Za sukulu ya Ndaziona palibe amene ankafunsa.

Mundimvetse bwino, abale, mayiyu sanali waulesi ayi. Analibe bolodi, analibe choko, koma dzuwa silinkalowa osachita masamu. Nkhuku zikamalowa m'khola, iye ankati, "Lonjezo, werenga." Kabawi akalanda mwanapiye, "Atsala angati?" Akamadzala nyemba, "Ziwiri pa phando lililonse, mapando khumi, zonse pamodzi zingati?" Mwanayo ankayankha manja ali mbuu ndi dothi.

Komabe mtima wa mayiyo sunkakhala m'malo. Ana a anzake akamadutsa atavala yunifolomu, akuimba manambala, iye ankawayang'ana mpaka atapita kutali. Amayi a pamjigo nawonso, mukuwadziwa, pakamwa sasunga. Ankamuuza maso ndi maso kuti akumuphera tsogolo mwana. Iye ankangoseka, koma akafika kunyumba chakudya sichinkatsika. Ankadzifunsa kuti, nanga mwanayu akadzakula mbuli chifukwa cha ine, ndidzamuyang'ana bwanji? Mantha amenewo anamuwondetsa.

Potsiriza anapita kwa bambo Kachingwe, mphunzitsi wopuma amene ankapemphera naye mpingo umodzi. Anawapempha kuti adzamuyese mwanayo, chifukwa kukhala osadziwa kunamutopetsa.

Bambo Kachingwe anabwera, nakhala pakhonde. Mayiyo anaima pakhomo, akupotokola nsonga ya chitenje. Ndaziona anali poteropo, akutsuka mbale. Kuphatikiza, Lonjezo anakhoza. Kuchotsera, anakhoza. Kuchulukitsa, anayankha aphunzitsi asanamalize n'komwe kufunsa. Mayiyo anayamba kupuma bwino.

Kenaka bambo Kachingwe anathyola nthochi zisanu ndi imodzi pa phava limene anawapatsa, naziika pamphasa. Anati, "Tsopano kugawa. Ugawire ana awiri."

Lonjezo anaziyang'ana nthochizo, osazigwira. Ndiye anafunsa mwaulemu, "Anawo, onse ndi obadwira m'nyumba, kapena wina ndi wobwera?"

Aphunzitsi anadabwa. "Zikusiyana pati, mwanawe?"

"Ngati wina ndi wobwera, ndiye zinayi uku, ziwiri uku. Ndi mmene amagawira amayi."

Abale, mwanayo sankanyoza munthu. Sankadandaulira wina aliyense. Ankangoyankha masamu, monga anawaphunzirira, ndipo ankadikira kuti amuyamikire. Phokoso la mbale kuja linasiya. Bambo Kachingwe anaweramitsa mutu.

Apa mayiyo anali ndi njira ziwiri. Akanatha kuseka n'kunena kuti mwanayu wangosokonezeka ndi mantha a mayeso, ndipo aphunzitsi, poti ndi munthu waulemu, akanavomera. Mawuwo anafika ndithu pakamwa. Koma anawameza. Anati, "Aphunzitsi, mwanayu sanalakwe. Wakhoza zimene ndinamuphunzitsa."

Mlendo atapita, mayiyo anaitana ana onse awiri pamphasa. Anaika nthochi zitatu patsogolo pa Ndaziona, zitatu patsogolo pa Lonjezo. Ndaziona sanazigwire, ankaopa kuti mwina ndi msampha. Lonjezo anawerenga zake, anawerenga za mnzake, nayang'ana mayi ake.

"Amayi, mwalakwitsa," anatero.

Mayiyo analira. Miyezi yonse ija ankaopa kuti mwana wake sakuphunzira kanthu, chikhalirecho mwanayo ankaphunzira zonse, osaphonya ngakhale chimodzi.

Tsono ine ndikukuuzani, ndipo nanenso zikundiopsa ponena: pakhomo panu pali sukulu, kaya munaitsegula dala kaya ayi, ndipo sukulu imeneyo ilibe holide. Timada nkhawa kuti ana athu sakumva za Mulungu, timawakokera ku Sande sukulu, timawaloweza mapemphero. Zabwino zimenezo. Koma mwana saphunzira kugawa pa zimene mukunena, amaphunzira poyang'ana dzanja lanu likamagawa. Mukadzamuuza kuti Mulungu alibe tsankho, adzafuna kuziyerekeza ndi mbale za kunyumba kwanu. Mulungu sanatifunse ngati ndife obadwira m'nyumba kapena obwera. Tonse tinali obwera, ndipo anatipatsa gawo la ana.

Mukabwerera kunyumba lero, nthawi yogawa ikakwana, yang'anani pambali panu. Pali wina wamng'ono amene akuwerenga.