Mawondo a M'mwamba ndi Mawondo a Pansi

Mukadutsa pakhonde la kumbuyo kwa chipatala china m'mawa, simukanalephera kumva bambo wina akukuwa ngati wophunzitsa asilikali: "Pindani! Tambasulani! Pindaninso!" N'chifukwa chake dzina lawo lenileni linaiwalika. Odwala, anamwino, ngakhale akazi awo kunyumba akapsa mtima, onse ankangoti a Pindani. Anali dokotala wa mafizo, uja amachititsa masewera olimbitsa thupi anthu ovutika mawondo ndi misana. Ntchito ankaidziwa, pamenepo tisawanamizire. Vuto lawo linali limodzi: chinthu akachikhulupirira, makutu ankawavula n'kuwasiya kunyumba.

Chimene ankachikhulupirira kwambiri chinali chubu cha njinga. Anatulukira okha njira imeneyi. Ankadula chubu chakutha, mbali ina n'kumangirira kumwendo wa benchi, inayo kuphazi la wodwala, wodwalayo n'kumakoka iwo akuwomba m'manja. Odwala ankachikonda chifukwa munali phwete, ndipo a Pindani sankakayika ngakhale pang'ono kuti chubu chawo chikuposa mafizo akale ochitira pamatilesi.

Masewerawo ankachitira m'chipinda cham'mwamba, chachikulu, cha mawindo mbali zonse. Koma chipindacho chinali chobwereka, ndipo a dipatimenti ya maso anali atachiyang'ana kale ndi diso la njala. Tsiku lina adokotala aakulu, mayi wosachulutsa gaga m'diwa, anawaitanitsa a Pindani.

"Chipinda n'chimodzi, ochifuna muli awiri," anatero. "Inu mukuti chubu chanu chimachiritsa. Chabwino, pangani kafukufuku, mubwere ndi umboni kukomiti chaka chikamatha. Chikaposadi mafizo akale, chipinda n'chanu mpaka kalekale. Apo ayi, a maso alowa."

A Pindani anatuluka muofesimo akumwetulira. Kwa iwo mlandu unali utatha kale, kunangotsala kulemba.

Lamlungu lotsatira kunyumba kwawo kunabwera mlamu wawo, mng'ono wa akazi awo. Mayiyu ankaphunzitsa masamu a kafukufuku wa zaumoyo kusukulu ya ukachenjede, ndipo iye ndi a Pindani akakumana sipankatha mphindi asanayambe kunyogodolana.

"Alamu, ndamva kuti mwalowa m'munda mwathu," anatero akuthira shuga mu tiyi. "Odwalawo muwagawa bwanji?"

"Magulu awiri. Ena chubu, ena zakale. Pomaliza tiona amene achira. Zimenezi mpaka munthu akhalire zaka kusukulu?"

"Magulu awiri ndamva. Koma adzasankhe ndani kuti uyu apite uku, uyu apite uko? Chitani maere, alamu, kuti mawondo ofooka ndi mawondo olimba agwere mbali zonse ziwiri. Ndiponso aliyense mumuyeze asanayambe, mudziwe kumene wachokera. Ndibwere mawa tikhale pansi, sindikulipiritsani."

"Maere? Kuchipatala sititchova juga, alamu. Ndiponso inu a masamu ntchito yanu ndi ya kumapeto. Ife tikaphika, inu mumangobwera ndi mbale."

"Mbale ndibwera nayo," anayankha mlamuyo akuseka, "koma zikapserera musadzati mbale ndiyo yanunkhitsa."

"Bambo, tamumverani mwanayu," analowererapo akazi awo. "Zimenezi ndi zimene amadyera."

A Pindani anangogwedeza dzanja ngati akuingitsa ntchentche. Mumtima ankati: kamwana kamene ndinakapeza kakulira chifukwa cha nsapato za sukulu pamene ndinkafunsira mkulu wake, lero kandiphunzitse mawondo? Anatenga wailesi n'kukakhala pakhonde.

Kafukufuku anayamba. Gulu la chubu linkachitira m'mwamba muja, gulu la mafizo akale m'kachipinda ka pansi pafupi ndi khomo. Tsono masitepe okwerera m'mwambamo anali aatali, otsetsereka, okhota pakati, oti ngakhale munthu wabwinobwino ankafika pamwamba akupumira m'mwamba. A Pindani anali munthu wachifundo, ndipo kuona wodwala akukwawa pamasitepe kunkawawawa mtima. Ndiye anawauza anamwino a pakhomo kuti, "Amene angathe kukwera akwere. Amene sangathe musawazunze, azichita zakale pansi pompano."

Basi kugawa kunathera pomwepo. Wodwala akafika, anamwino ankamulozera masitepe. Akawayang'ana n'kumwetulira, wa chubu. Akawayang'ana n'kuusa moyo, wa pamatilesi. Za kuyeza poyamba a Pindani anaziona ngati kutaya nthawi. Munthu wabwera kuchipatala, ndiye kuti akudwala, china choyeza n'chiyani? Unali mtima wabwino ndithu, palibe angatsutse, koma si mtima wabwino umene komiti inapempha.

Miyezi inapita. M'mwamba munali chikondwerero, machubu akulira, anthu akuseka, a Pindani akuwomba m'manja thukuta lili kamukamu. Pansi munali zii, kungomveka kubuula kwa apo ndi apo. Pomaliza anayeza onse: bondo likupindika mpaka pati, munthu akuyenda mtunda wotani pakhonde asanafune mpando. Zotsatira zake zinawavinitsa muofesi. A m'mwamba anawasiya a pansi kutalitali, ngati njinga yamoto ndi wilibala.

Analowetsa manambala m'kompyuta. Pulogalamu ya masamu inawaonetsa mndandanda wa njira zowerengera, mayina ake ovuta ngati a mankhwala. Posadziwa kuti yoyenera ndi iti, anasankha ya dzina lalitali koposa, poganiza kuti imeneyo ndiyo ikaopseze komiti. Kompyuta siikana munthu. Inawerengera, n'kutulutsa chithunzi chokongola, mzere wa chubu uli m'mwamba, wa matilesi uli pansi. Anaimbira foni mlamu wawo.

"Alamu, zapsa. Lachisanu mubwere ndi mbale ija, mudzawombe m'manja."

"Tanditumizirani ndione kaye, alamu. Maso awiri amaposa limodzi."

"Mudzaonera limodzi ndi anzanu."

Lachisanu komiti inakumana m'chipinda cham'mwamba chomwecho. Adokotala aakulu anakhala pakati. Pambali pawo panali dokotala wa maso, amene m'malo moyang'ana a Pindani ankangoyang'ana mawindo ngati akuyeza makatani. Mlamu uja anakhala kumbuyo, chikwama chili pamiyendo. A Pindani anavala tayi imene ankaisungira maukwati.

Anafotokoza bwino, zoona. Anaonetsa chithunzi chija, anatchula dzina lalitali lija osapunthwa, ena m'komiti mpaka anagwedeza mitu. Akanalekera pomwepo mwina akanapulumuka. Koma iwo ankafuna kukhomerera msomali, ndiye anali ataitana mboni ziwiri: bambo wina kalipentala wa gulu la chubu, ndi mayi wina telala wa gulu la pansi.

Kalipentala anali atafika kale. A Pindani atamukodola, anadzuka n'kunjuta, kudzuka, kunjutanso, kenaka kudumpha, makiyi akulira m'thumba. Anthu anawomba m'manja.

"Nanga mayi aja ali kuti?" anafunsa adokotala aakulu.

"Ndili panoo!" mawu anamveka kuchokera kunja. Atatsekula chitseko anapeza mayi telala atakhala pokhotera masitepe, pakatikati, ndodo ili pambali, akudzipepesera mphepo ndi mpango. "Pitirizani, ndikumva bwinobwino. Pano ndiye ndafika."

A Pindani anatambasula manja ngati mlaliki. "Mwadzionera nokha, mabwana. Wa chubu akudumpha, wa zakale wathera panjira. Ndiwonjezerenso chiyani?"

Adokotala aakulu anatembenukira kwa kalipentala. "Bambo, tatiuzani. Musanayambe chubuchi, bondo lanu linali bwanji?"

Kalipentala ankawakonda a Pindani, ndipo anaona kuti nthawi yowakweza yakwana. Anadziguguda pachifuwa. "Linkangonyerenyetsa ndikagwada nthawi yaitali pantchito, mayi. Koma ine ndi adokotalawa tinagwirizana tsiku loyamba lomwe. Masitepe awa ndinakwera awiriawiri, iwo n'kundigwira paphewa, amvekere, 'Inu ndiye a m'mwamba enieni!' Sindidzaiwala."

Kumbuyo kuja mlamu ananyamula chikwama chake pang'onopang'ono n'kubisa nkhope.

"Ine chubucho ndinkachifuna!" anakuwa mayi telala ali pamasitepe pomwepo. "Tinkamva anzathu akuseka m'mwambamo ife tili gada pamatilesi. Koma anati poti simungakwere, khalani pansi. Tonse a pansife tinali otero, ena obwera chonyamulidwa. Komatu musandione chonchi, ine ndasintha! Pamene ndinkayamba kubwera kuno, ngakhale sitepe imodzi sindinkaitha. Lero taonani pamene ndafika, ndekha, wopanda wondigwira!"

Dokotala wa maso anayamba kutsokomola, chifuwa chake chomveka kuti ndi phwete lobanika.

"A Pindani," anatero adokotala aakulu mofatsa, ndipo kufatsako n'kumene kunawawa, "ndithandizeni. Olimba mawondo munawakweza m'mwamba, ofooka munawasiya pansi. Pomaliza mwapeza kuti a m'mwamba ndi olimba mawondo. Tsono chimene mwayeza ndi chubu, kapena masitepe? Chifukwa mwa mboni zanu ziwirizi, amene ndikumuona kuti wapita patsogolo ndi wa pamatilesi uyo."

A Pindani anayang'ana chithunzi chawo, mizere ili pomwe anaisiya, yokongola ngati kale, koma tsopano yosanena kanthu. Anayang'ana uku ndi uku, maso n'kukagwera kumbuyo. Kunyada kunathawa, kunatsala kupempha.

"Alamu," anatero ndi mawu otsika, "kumasamu kwanuko kulibe njira yokonzera zimenezi? Ina yamphamvu?"

Mlamuyo anatsitsa chikwama. Sanaseke, ndipo nkhope yake inkaoneka kuti zamukhudza. "Munawayeza asanayambe, alamu? Mukanakhala ndi miyeso ya tsiku loyamba, tikanayesako kuona kuti aliyense wasintha bwanji kuchokera pamene anali. Sizikanakhala zangwiro, komabe tikanakhala ndi pogwira."

"Sindinawayeze."

"Ndiye palibe, alamu. Masamu amawerenga zimene mwawapatsa, sabwerera m'mbuyo kukagawanso anthu. Chondiwawa ine n'chakuti chubu chanucho mwina chimathandizadi. Koma panopa palibe angadziwe, ngakhale inu amene."

Mawu amenewo ndi amene anawalasa a Pindani kuposa kuseka kwa dokotala wa maso. Akanauzidwa kuti chubu n'chachabechabe, akanakangana mpaka dzuwa kulowa. Koma kuuzidwa kuti chaka chathunthu cha thukuta sichinanene inde kapena ayi, ndiponso kuti anachisokoneza ndi pakamwa pawo pomwe, kunawathetsa makani. Anakhala pabenchi.

Komiti siinachedwe. Umboni panalibe, ndiye chipinda chinapita kwa a maso. Adokotala aakulu anawonjezera kuti ngati a Pindani akufuna kuyesanso chaka chamawa, khomo n'lotsekula, bola wa masamu adzakhalepo kuyambira tsiku lolemba pulani, osati tsiku lowomba m'manja. Dokotala wa maso anawagwira chanza mwaulemu, n'kufunsa ngati mabenchi angachotsedwe Lolemba lisanafike.

Anthu atabalalika, a Pindani anamasula machubu awo kumiyendo ya mabenchi, chimodzichimodzi, n'kuwaponya m'thumba. Chipinda chimene anachikonda chija anachiyang'ana komaliza, mtima uli chinyezi. Potsika anapeza mayi telala akadali pokhotera paja, akusonkhanitsa mphamvu zobwerera. Anawapatsa mkono, n'kuyamba kutsika limodzi, sitepe ndi sitepe, thumba la machubu likulendewera paphewa.

"Musadandaule, adokotala," anatero mayiwo atafika pansi, akupuma mwabefu. "Kwa ife zakhala bwino. Poti tsopano tonse ndife a pansi, chubucho ine ndiyamba liti?"

Funso limenelo ndi limene a Pindani ankayenera kudzifunsa chaka chisanayambe. Anathamangitsa anthu mpikisano ena atawaimika kale pafupi ndi pothera, ndipo amene anawachenjeza sanamumvere, anadzamuitana mpikisano utatha. Chipinda chinapita, chaka chinapita, ndipo chubu chinabwerera m'thumba chisanapatsidwe mpata wodzionetsa. Akuluakulu sananame pamene anati liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi.